Tsiku Limene Njinga ya a Sakala Inanamizidwa

Ku Wusakile aliyense ankadziwa kuti miyendo ya a Osward Sakala siyenda yokha, imayenda ndi nyimbo. Khalidweli analiyamba ali mnyamata, pamene ankatsika mumgodi wa kopa nyali ili pachipumi. Kuti mdima usawalowe mumtima ankayimba nyimbo za kutchalitchi, phazi lililonse ndi liwu lake. Mgodi anausiya kalekale, koma pangano la pakamwa ndi miyendo silinathe. Pakamwa pakatseka, miyendo inkaima. Pakamwa pakatsegula, miyendo inkanyamuka. Ndiponso nyimbo akaiyamba sankaidulira panjira, chifukwa ankati kusiya nyimbo pakati n'chimodzimodzi kutuluka m'tchalitchi mdalitso usanaperekedwe.

Iwowa anali mkulu wa mpingo, ndiponso woyambitsa nyimbo pa Reformed. Ankayimba monga anaphunzirira kwawo ku Katete, mokoka, mwaulemu. Liwu limodzi ankalitambasula mpaka mwana wa kumbuyo kudzuka, kuyamwa, n'kugonanso liwulo lisanathe. Achinyamata a kwaya, amene anali atagula kiyibodi, anawadandaulira kangapo kuti afulumizeko pang'ono. Yankho lawo silinkasintha.

"Mulungu sali pa shifiti, ana inu. Mukuthamangira kuti?"

Ku Chamboli kunali mnzawo wa mumgodi, a Ackson Daka. Fumbi la miyala linali litamanga nyumba m'mapapo mwawo, ndipo tsopano sankatulukanso panja. Lachitatu lililonse masana a Sakala ankapita kukakhala pafupi ndi bedi lawo n'kuwayimbira. A Daka ankangogona atatsinzina, milomo ili duu. A Sakala pobwerera ankauza akazi awo, amayi Edna, kuti, "Ackson ndiye amadziwa kumvetsera nyimbo. Sasuntha ngakhale mlomo."

Kenaka mawondo a a Sakala anayamba kukana. Njira ya ku Chamboli ili ndi kachitunda kamene mnyamata sakaona n'komwe, koma kwa iwo kanasanduka phiri la Sinai. Anayesa minibasi, koma sizinatheke. Ulendo wopanda nyimbo iwo sankaudziwa, ndipo akangoyamba, phazi la dalaivala linkayamba kutsata nyimboyo mosadziwa. Basi inkayenda ngati ikuperekeza maliro, anthu n'kuchedwa kuntchito. Mbiri inafala pakati pa makondakitala. Akawaona pasiteshoni ankatseka chitseko n'kunena kuti, "Ba shikulu, agogo, yadzaza," mipando ili mbee.

Mwana wawo Tamara, amene ndi namwino ku Ndola, atamva zimenezi anawatumizira njinga yamagetsi. Inali ndi batire lalikulu ngati buledi, mota m'gudumu la kumbuyo, ndi kagalasi kowala pa handulo. Pafoni anawauza kuti, "Atate, inu muzingopalasa. Ikamva kuti mukupalasa, mota iziyaka yokha n'kukukankhani."

A Sakala anaiyamikira Mulungu, anaisanjika manja, ndipo Lachitatu anaikwera. Anayambitsa nyimbo ya ulendo wa m'chipululu, yomwe a Daka ankaikonda, n'kuyamba kupalasa motsatira. Mota inangoti zii. Anafika pansi pa kachitunda kaja thukuta lili kamukamu, njingayo ikulemera ngati ng'ombe yakufa. Anatsika, anayesa kukankha, mawondo anakana, ndipo anabwerera kunyumba. Lachitatu lotsatira zinachitikanso chimodzimodzi.

Ndipamene amayi Georgina, akazi a a Daka, anaimbira foni amayi Edna.

"Anzanuwa atembenukira kukhoma ngati mfumu Hezekiya," anatero amayi Edna atatsitsa foni. "Phala akulikana. Akuti mwina inu munamwalira ndipo anthu akuwabisira. Georgina akuti mukaphonyanso Lachitatu likubwerali, sadziwa ngati lina mudzawapeza."

M'mawa mwake a Sakala anakankha njinga mpaka pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, pamene Frederick Mutale ankakonzera njinga. Frederick anali Mbemba, choncho anali mbuya wawo, ndipo pakati pa Mbemba ndi munthu wa kum'mawa chipongwe chilibe mlandu, ngakhale winayo akhale ndi imvi.

"Odya mbewa afika!" anafuula Frederick. "Mwabweretsa chiyani, mukwai? Msampha wamagetsi?"

"Iwe wodya anyani, tsika mumtengo undithandize. Chinthuchi chinafa."

Frederick anaikwera. Asanapalase n'katatu komwe njinga inalira ngati njuchi, n'kumutenga mpaka kumapeto kwa msika. Anabwerako akuseka.

"Ili moyo kuposa inu. Takwerani ndione."

A Sakala anakwera, anakonza kukhosi, anayambitsa nyimbo. Frederick anayenda nawo pambali, manja ali m'matumba. Anaima n'kugula chinangwa chootcha, anadikira chenji, anawapezanso asanafike patali. Kenaka anagwira handulo.

"Musandidule," a Sakala anatero ndi maso okha, pakamwa pakuyimbabe. Frederick anachita kudikira mpaka ndime zonse zitatha.

"Tsopano onani apa, mbuya," anatero atagwada. Anawalozera kambale kapulasitiki kamene kanali kuseri kwa mapedulo. "Kambale aka kali ndi timaginito thwelofu."

"Ngati atumwi."

"Ngati atumwi, koma muno mulibe Yudasi. Mukamapalasa timadutsa pa kadiso aka, njinga n'kumawerenga. Tikamadutsa motsatizana imadziwa kuti pali munthu akugwira ntchito, ndiye imayatsa mota. Koma inu, Petulo akadutsa, Andreya asanafike njinga yaiwala kale kuti kunadutsa munthu. Imayesa kuti mwaitsamiritsa pakhoma mwalowa m'shopu."

"Ndiye titani?"

"Yimbani mofulumira."

A Sakala anamuyang'ana monga Mose anayang'anira mwana wang'ombe wagolide uja.

"Chabwino, chabwino," anatero Frederick. "Tiyese giya. Ndikuikirani lalikulu kumbuyoku. Mapedulo apepuka, miyendo izithamanga yokha, nyimbo yanu n'kumabwera pambuyo panono panono."

Anamasula gudumu, anachotsa kagiya kakang'ono, n'kuikapo lina lalikulu ngati mbale ya ndiwo. Tcheni chinaperewera, anachiwonjezera. A Sakala atakwera anamva kuti mapedulo apepukadi, ndipo mawondo anathokoza. Koma miyendo inakana kuswa pangano. Inkadikirabe pakamwa, ndipo popeza giya lalikulu limayendetsa gudumu pang'ono, njinga inayenda pang'onopang'ono kuposa kale. Nkhuku inawapitirira ndi anapiye ake. Mayi wina wosenza makala anawapatsa moni, anafunsa za kunyumba, anafunsanso za Tamara ngati anakwatiwa, n'kupitirira. Potsiriza njinga inalephera kudziwa ngati ikuyenda kapena yaima, ndipo inagwera chammbali mofatsa, ngati munthu amene akugwada kuti apemphere. A Sakala anamalizira nyimbo ali chigonere, miyendo ikuzungulira m'mwamba.

Frederick anawadzutsa, anawasasa fumbi, n'kukanda m'mutu.

"Yatsala njira imodzi, mukwai." Anadina timabatani pa kagalasi kaja, ndipo panatuluka manambala. "Apa ndi pamene njinga imauzidwa kuti timaginito tilipo tingati. Palembedwa thwelofu. Ine ndingolembapo faifi. Tikadutsa tisanu iyo iziyesa kuti mwazungulira kale kamodzi. Kupalasa kwanu kwa pamaliroku iziona ngati mpikisano."

"Koma tilipo thwelofu."

"Ine ndi inu tikudziwa. Iyo sidziwa."

"Ndiye ukufuna ndiinamize."

"Ndi njinga, ba shikulu!"

"Bodza siliyang'ana amene akulimva, Frederick. Hananiya ndi Safira anachepetsa nambala, sichoncho? Anatuluka bwanji m'nyumba muja? Ananyamulidwa. Iwe ukufuna ndichotse atumwi asanu ndi awiri ndi chala chimodzi, ine mkulu wa mpingo?"

"Awe, mbewa zinakulowani m'mutu," anatero Frederick. "Tengani chinthu chanu. Mukafuna munthu wochimwa mukudziwa pondipeza."

Madzulo a tsikulo a Sakala anafotokozera akazi awo zonse, akuyembekeza kuyamikiridwa. Amayi Edna anapitiriza kusadzula chibwabwa, masamba a maungu, osadzutsa mutu. Iwowa anali a Chigwirizano cha amayi kwa zaka zambiri, ndipo Baibulo lawo linali lakutha kuposa la amuna awo.

"Atate ake Tamara, azamba a ku Igupto anamuuza chiyani Farao?"

"Imeneyo ndi nkhani ina."

"Nanga Rahabi? Azondi ali padenga, iye anati apita."

"Amake Tamara, njinga si Farao. Sinatiumbitse njerwa."

"Sinatiumbitse. Koma amene akukaniza munthu wa Mulungu kupita kumene watumidwa ndani?"

A Sakala anayang'ana njinga imene inali itatsamira pafupi ndi firiji, kanyali kake kakuthwanima, ndipo anaona kuti inalidi ndi kamtima kouma. Komabe anapukusa mutu.

"Lachitatu ndipita. Ndikakankha. Mawondo akakana ndikakwawa. Koma kwa Ackson sindikafika ndi bodza."

Lachiwiri a Sakala atabwera kumsonkhano wa akulu ampingo anapeza njinga yatsamira poyamba paja, koma itayang'ana kukhomo m'malo moyang'ana kukhoma. Anaganiza kuti mwina akazi awo ankasesa.

Lachitatu masana anavala jekete, anamanga miyendo ya thalauza ndi malabala, n'kutulutsa njinga. Amayi Edna anatuluka atamanga chitenje molimba, chigubu cha thobwa la munkoyo chili m'manja, n'kukhala pa kaliyala.

"Amake Tamara, chinthuchi n'cholemera kale."

"Mukatsika kuti mukankhe, ndikankha nanu. Yambitsani nyimbo."

A Sakala anatsinzina pang'ono, anakoka mpweya, n'kuyambitsa nyimbo ya ulendo wa m'chipululu ija, mwaulemu wake wonse. Phazi linatsika. Petulo anadutsa, Andreya anadutsa, ndipo njinga inakhulupirira.

Inalira ngati njuchi zasokonezedwa mumng'oma, n'kudumpha. Geti linadutsa ngati mphezi. Mota itayamba kukoka, mapedulo opepuka aja anathawa pansi pa mapazi, monga zimachitikira munthu akaponda sitepe pamene palibe. Phazi linagwa, linzake linagwa, ndipo miyendo inayamba kuzungulira mosafunsa chilolezo. Pangano lija linagwira ntchito chobwerera. Pakamwa panayamba kuthamangitsa miyendo, ndipo nyimbo imene kwa zaka zonsezi inkayenda ngati mkulu wonyamula mgonero inatuluka ikudumpha ngati mwana wa mbuzi.

Akanangosiya kupalasa mota ikanazima. A Sakala ankadziwa zimenezo. Koma ndime yoyamba inali isanathe, ndipo munthu satuluka mdalitso usanaperekedwe.

"Ndine ndinaiuza!" amayi Edna anafuula kumbuyo, dzanja limodzi lili m'chiuno mwa amuna awo, lina litakumbatira chigubu. "Dzulo! Ndinadina ndekha, Frederick ankangondilozera! Bodzalo ndi langa, inu yimbani!"

A Sakala anafuna kuyankha, koma pakamwa panali potanganidwa.

Anadutsa pafupi ndi tchalitchi pamene achinyamata a kwaya ankatsitsa masipika. Onse anaima kukamwa kuli yasa, ndipo mmodzi anayamba kuwomba m'manja motsatira, mpaka anzake anamugwira. Anapeza minibasi imene inawakana sabata zapitazo, anaipitirira, kondakitala ali lende pachitseko. Dalaivala atamva nyimbo phazi lake linatsatanso monga kale, ndipo basi inayamba kuwathamangira. Agalu analowerera. Phiri lakuda la zotsalira za mgodi linatsala kumbuyo. Kachitunda kaja a Sakala anakayembekezera ndi mantha, koma atakweza maso anaona kuti ali kale m'Chamboli, ndipo sanadziwe kuti Sinai wawo anamudutsa liti.

Nyumba ya a Daka inaonekera, yaing'ono, ya kampani ya mgodi, ndi mpanda wa maluwa. Vuto linali lakuti nyimbo inali isanathe. Nthawi zonse inkawakwanira njira yonse n'kutsalako, ndipo ngakhale lero inkathamanga, njinga inathamanga koposa. Anakhotera pageti, anaona khomo, anaona amayi Georgina ataima ndi beseni, ndipo popeza sakanatha kuima, anazungulira nyumba.

Anazungulira ngati ana a Israele pa Yeriko. Amayi Georgina anathamanga kukachotsa zovala pachingwe kuti zisawakole khosi. Amayi Edna pobwera ulendo wachiwiri anawapatsira chigubu cha munkoyo m'manja osatsika. Ana a oyandikana nawo anakwera pampanda. Nthawi iliyonse njinga inkadutsa pansi pa windo la chipinda cha a Daka, limene linali lotsegula.

Akudutsanso pawindopo, a Sakala anamva chinthu. Poyamba anayesa tcheni chikukhula. Atazungulira n'kubweranso anamva bwino. Anali mawu a munthu, opyapyala, osasa, koma ogwira nyimbo bwinobwino, akuyimba besi. Mawu amenewo a Sakala anawamva komaliza pansi pa nthaka, ali anyamata, akudikira chikepe chowakweza kumtunda.

Nyimbo inafika pa Amen. Amayi Edna anamasula dzanja kuti atsike. Koma a Sakala, misozi ikuuluka chammbali ndi mphepo, anaiyambanso pachiyambi, ndipo njinga inazunguliranso.

Nyimbo itathanso a Sakala anatsika, ndipo atalowa m'nyumba anapeza a Daka atakhala tsonga, atatsamira pilo, akupuma movutikira koma maso ali mwaa.

"Osward," anatero, "ndimayesa unafa."

"Ndinatsala pang'ono, pageti pako pomwepa. Iwe Ackson, ukuyimba? Zaka zonsezi umangotsinzina!"

"Ndikanayimba bwanji? Liwu lako limodzi limafuna mapapo awiri athunthu. Ine anga ndinawasiya pansi paja." Anakhosomola, amayi Georgina anawasisita pamsana. "Ndinkayamba nawe mumtima, koma mpweya unkandithera iwe usanatsirize dzina la Ambuye. Lero ndiye unayimba zondikwana. Kapumidwe kamodzi, mzere umodzi, ndatha."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndani amakuuza iwe za nyimbo? Ana a kwaya aja unawayankha kuti chiyani?"

A Sakala anakhala pampando, chipewa chili pabondo. Anakumbukira Malachitatu onse aja, iwo akukoka mawu mokhutira, mnzawo ali chete ngati munthu woima kunja kwa tchalitchi akumvera pawindo. Anafuna kunena kanthu konga kupepesa, koma a Daka anali atatembenukira kale kwa akazi awo.

"Georgina, phala lija lilipo? Ndi munkoyo wabwerawo. Munthu sayimba besi ndi njala."

Anadya, anapumula, ndipo anayimbanso zina ziwiri. Popeza a Sakala sakanatha kufulumira atakhala phee, anachita kupalasa m'mwamba ali pampando, amayi awiri aja akubisa nkhope m'zitenje.

Pobwerera sanakwere. Anatsika kachitunda akukankha njinga, osayimba, amayi Edna akuwakoka dzanja kuti miyendo iziyenda. Anakafika pansi pa mango paja Frederick akulongedza zipangizo.

"Ndamva kale," anatero Frederick. "Akuti mbewa yauluka m'Chamboli."

"Bwezera atumwi onse."

"Mukwai?"

"Lembapo thwelofu. Lachitatu ndiziyimba monga Ackson amapumira. Imeneyo njinga iimva popanda woinamiza. Giya lalikululi lisiye, landikomera."

"Nanga Lamulungu?"

"Za Lamulungu si za Mbemba."

Frederick anadina timabatani akuseka, n'kuwaonetsa nambala. A Sakala anavala magalasi, anaiwerenga, anakhutira. Kenaka anavula chipewa, anawerama pafupi ndi batire, n'kulankhula motsitsa mawu monga amachitira pokayanjanitsa banja.

"Unauzidwa zosaona dzulo. Anakuuza ndi mayi uyu, koma amene anamufikitsa pamenepo ndine. Tikhululukirane."

Anayang'ana akazi awo. Amayi Edna anakonza chitenje, anayang'ana njinga kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Ine sindipepesa kwa Farao," anatero, n'kukhala pa kaliyala. "Yambitsani, ndiwo zili pamoto."

A Sakala anakwera. Anakoka mpweya waukulu monga mwa chizolowezi, kenaka anaubweza theka, n'kuyamba ndi wotsalawo. Petulo anadutsa, Andreya ali pambuyo pake, Yakobo ndi Yohane akuthamanga, ndipo njinga inamva.